ZA PAKANEMA: Usiku umene Rambo anagwetsa misozi

Kumalire kuno dzina la Rambo ndi lodziwika kuposa maina a nduna zambiri za boma. M'zaka za m'ma 1990, nkhondo itangotha, pamene mabanja anali kubwerera kuchokera ku Malawi kudzautsa mabwinja awo, nyumba za vidiyo zinabuka m'misika ngati bowa wa m'dzinja. Jenereta inkalira kuseri, zenera atatseka ndi chiguduli, ndipo kaseti imene inkadzaza mabenchi msanga inali ya mwamuna uja wa kansalu kumutu ndi chimfuti m'manja. Makaseti aja anatha, mafilimu tsopano akuyenda m'mafoni, koma dzina lija silinachoke. Mwana wovuta amamutcha Rambo, galu waukali nayenso Rambo.

Koma panali chizolowezi china m'nyumba za vidiyo zija. Mfuti zikangoleka kulira, amuna awiri n'kuyamba kulankhulana m'Chingerezi, oonera ambiri ankadzuka n'kumapita, ena akudandaula kuti filimu yatha moipa popeza ngwazi yalira ngati mwana. Chikhalirecho mphindi zochepa zotsirizazo ndizo zimasenza filimu yonse. Ngakhale munthu wosamva Chingerezi angathe kuzimvetsa ngati ayang'anitsitsa zinthu zitatu: malo amene nkhaniyo ikuthera, zimene anamupaka Rambo pathupi, ndi zinthu zimene akutaya kapena kulandira.

Filimu imene ikukambidwa pano ndi yoyamba ya Rambo, yotchedwa First Blood, imene inatuluka mu Okutobala 1982. Anaitsogolera ndi a Ted Kotcheff a ku Canada, ndipo nkhani yake anaitenga m'buku limene a David Morrell anatulutsa mu 1972. Sylvester Stallone ndiye John Rambo, Brian Dennehy ndi Will Teasle mkulu wa apolisi, ndipo Richard Crenna ndi Koronele Trautman, amene anaphunzitsa Rambo usilikali ndi kumutsogolera ku nkhondo ya ku Vietnam.

Nkhani yake mwachidule ili motere. Rambo akuyenda wapansi kukafuna mnzake wotsiriza wa m'gulu lake la nkhondo, Delmar Barry, koma atafika pakhomo pake akumva kuti anamwalira ndi khansa imene inabwera ndi mankhwala oumitsa nkhalango amene ankawazidwa ku Vietnam. Ali ndi chisoni chomwecho akulowa m'tauni yaing'ono kufuna malo oti agule chakudya. Teasle atamuona ndi tsitsi lalitali ndi jekete lachisilikali, akumukweza m'galimoto n'kukamutsitsa kutsidya kwa mlatho, namuuza kuti anthu a mtundu wake safunika m'tauni imeneyo. Rambo akutembenuka n'kuyamba kuwolokanso mlatho uja, ndipo pomwepo akumangidwa. Kupolisi akumenyedwa, akuthiridwa madzi a mpope, ndipo pamene akufuna kumumeta ndi lumo, maganizo ake akubwerera ku ndende ya ku Vietnam kumene anamucheka ndi mpeni. Akuthawira kuphiri, ndipo kusakana kukuyambira pamenepo.

MALO AKE

Tauni ya m'filimuyi dzina lake ndi Hope, ndiye kuti chiyembekezo. M'nkhanimo akuti ili m'chigawo cha Washington ku America, koma zithunzi anakajambulira ku tauni yeniyeni ya dzina lomwelo ku British Columbia m'dziko la Canada, m'nyengo yozizira kuyambira kumapeto kwa 1981. Nyengo ya m'nkhaniyo ndi ya Khirisimasi, ndipo m'misewu ndi m'masitolo mukuoneka timagetsi ndi zokongoletsa za chikondwererocho. Opanga filimu sanasankhe zimenezi mwangozi. Khirisimasi ndi nthawi imene wapaulendo amabwerera kwawo, nthawi yokumbukira banja limene linasowa malo ogona. Tsono m'tauni yotchedwa Chiyembekezo, pa nyengo yolandira alendo, munthu amene anamenyera dziko lake nkhondo akumanidwa ngakhale mbale imodzi ya chakudya.

Gawo lalikulu la filimu likuchitikira kuphiri, m'nkhalango yonyowa ndi m'mgodi wakale wodzaza makoswe. Akanafuna, opanga filimu akanaithetsera komweko, kumene Rambo ndi katswiri ndipo palibe angamugwire. Koma iwo anamutsitsa kuphiri usiku n'kumubwezera m'tauni momwe. Atalanda lole ya asilikali yokhala ndi mfuti ya M60, Rambo akuphulitsa bomba la mafuta, akuwombera zipangizo za magetsi mpaka timagetsi ta Khirisimasi tija kuzima, kenaka akuwononga sitolo yogulitsa mfuti. Anthu a m'tauni ija ankaonera nkhondo ya ku Vietnam pa televizhoni ali phee m'nyumba zawo. Usiku umenewo moto, mdima ndi kulira kwa zipolopolo zinawapeza pakhomo.

Ndipo pomalizira penipeni ndi pati? Ndi mu esikwadra momwe muja, m'nyumba imene anamuvula, kumumenya ndi kumuopseza ndi lumo. Teasle anabisala padenga ndi mfuti kudikira Rambo, koma Rambo analowa pansi n'kuwombera m'mwamba, ndipo mkulu wa apolisi uja anagwa kudzera pa galasi la padenga, nagwera pansi ali wovulala. Amene anali pamwamba tsopano ali pa mapazi a munthu amene anamunyoza. Nyumba ya lamulo yasanduka bwinja, magalasi ali mbwee, magetsi azima, kuwala kukungolowa kuchokera panja pamene pazungulira magalimoto a apolisi. Trautman akulowa namuuza Rambo kuti panjapo pali amuna pafupifupi 200 okhala ndi mfuti. Kuphiri kunali kothawira, muno mulibe. Ndiye chifukwa chake malo amenewa ndi ofunika: munthu amene wakhala akuthamanga filimu yonse wafika pomwe sangathamangenso, ndipo chimene chatsala ndi kulankhula.

Pali kanthu kenanso kamene maso ofulumira sakaona. Mu ofesi ya Teasle mukuoneka mamendulo a usilikali, chifukwa nayenso anamenya nkhondo, ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. Choncho amene akulimbana m'nyumba imeneyi ndi asilikali akale awiri a dziko limodzi. Wina anabwerera napatsidwa udindo ndi ofesi, wina anabwerera n'kukhala woyendayenda m'misewu.

ZOPAKA PATHUPI

Anyamata ambiri amakhulupirira kuti zipsera ndi magazi a m'filimu ndi zenizeni. Ayi ndithu. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa zopakapaka, ndipo m'filimu imeneyi mmisiri wake anali a Michael Westmore, a m'banja limene latchuka ndi ntchitoyi ku Hollywood kwa mibadwo ingapo, amenenso anadzalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya Mask ya 1985. Zipsera amaziumba ndi zinthu zonga mphira n'kuzimata pakhungu, magazi amawapanga ndi madzi a shuga olimba osakaniza ndi utoto, ndipo thukuta nthawi zambiri limakhala madzi osakaniza ndi gilisirini. Popeza filimu imajambulidwa miyezi ingapo, bala lililonse liyenera kupakidwa pamalo omwewo tsiku ndi tsiku, apo ayi oonera adzazindikira bodza.

Koma ntchito ya mmisiri sikungonamiza maso. Thupi la Rambo m'filimuyi lili ngati kalata imene ikulembedwa pang'onopang'ono. Pachiyambi akuoneka ngati wapaulendo aliyense, nkhope yoyera, jekete lobisa zonse. Kupolisi atamuvula, zipsera za pachifuwa ndi kumsana zikuonekera, ndipo apolisi akuziona koma osafuna kudziwa kumene zinachokera. Kuphiri akuwonjezera bala latsopano pamkono, limene akudzisoka yekha ndi singano ndi ulusi zimene ankasunga m'chigwiriro cha mpeni wake. Akamatuluka mu mgodi muja amakhala atadetsedwa ndi matope ndi utsi. Zipsera zakale anazitenga kwa adani kutsidya kwa nyanja, mabala atsopano wawatenga kwa anthu a kwawo.

Tsono pofika mu esikwadra muja nkhope yake ili bii ndi litsiro, tsitsi lanyowa, thupi likunyezimira ndi thukuta. Pafupi naye paima Trautman, ndevu zometedwa bwino, yunifomu yaukhondo yopanda banga. Amuna awiriwa anali pa nkhondo imodzi, ndipo pakati pa filimu Trautman anadzitama kuti amene anaumba Rambo ndi iyeyo. Kuyang'ana nkhope ziwirizo kukukwanira kudziwa amene analamula ndi amene anasenza. Wotuma anatuluka woyera, wotumidwa ndiye wanyamula litsiro lonse.

Litsiro limenelo lili ngati chophimba kumaso. Nthawi yonse imene Rambo ali kuphiri nkhope yake siisintha, sakuseka, sakulira, mau ake ndi owerengeka. Akayamba kulira, misozi ikusakanikirana ndi thukuta ndi litsiro lija, ndipo chophimbacho chikusungunuka pamaso pa oonera. Chimene chikutsala ndi nkhope ya mnyamata wamantha. Opanga filimu sanamupukute kuti aoneke wokongola ngati ngwazi ya pa kalendala. Anamusiya choncho dala, kuti munthu aone kuti pansi pa chilombo chimene tauni yonse ikuchiopa pali mwana wa munthu wina.

Apa ndi pofunika kusiyanitsa ndi filimu yachiwiri ya 1985 ndi yachitatu ya 1988. M'menemo thupi la Rambo ndi lodzozedwa mafuta, minofu ili tutumu, ndipo kamera imalizungulira monyadira. Kansalu kofiira kakumutu kamene anyamata amakatsanzira ndi ka m'filimu yachiwiri. M'filimu yoyamba kansalu kake ndi kachigamba chabe, ndipo chovala chake cha kuphiri ndi chilona chakale chimene anatola n'kuchiboola pakati kuti chimuteteze ku chisanu.

ZIMENE AKUTAYA NDI ZIMENE AKULANDIRA

Trautman atamuletsa kutsiriza Teasle, akumuuza kuti nkhondo yatha. Rambo akukana mokalipa, kuti palibe chimene chatha, popeza nkhondo si nyali yoti munthu angoizimitsa. Akunena kuti nkhondoyo sanaipemphe iye, anachita kutumidwa, koma pobwerera anthu anamulandira ndi matukwano pa bwalo la ndege. Akunena kuti kunkhondo ankayendetsa ndege ndi akasinja, zida za ndalama zankhaninkhani zinali m'manja mwake, koma kwawo akulephera kusunga ngakhale ntchito yoimika magalimoto. Akulankhula zimenezi akutaya chimfuti chija pambali. Palibe amene wamulanda. Mfutiyo ndi chinthu chokhacho chimene dziko linamuphunzitsa kugwira, ndipo akuitaya atazindikira kuti singamugulire chakudya, ntchito kapena mnzake wocheza naye.

Kenaka akukhala pansi n'kusimba za mnzake Danforth, amene ankakonda kukamba za galimoto yofiira imene adzayende nayo limodzi akadzabwerera kwawo. Tsiku lina ali m'bala mu mzinda wa Saigon, kunabwera kamnyamata kopukuta nsapato ndi kabokosi kake. M'kabokosimo munali bomba. Rambo anapeza mnzake atang'ambika, akulira kuti akufuna kupita kwawo, iye akufunafuna miyendo yake osaipeza. Akuti papita zaka 7 koma chithunzicho chimamubwerera tsiku lililonse, ndipo nthawi zina amatha masiku osalankhula ndi munthu.

Apa ndi pamene pakuoneka kuti mdani wa Rambo si Teasle. Madokotala a ku America anali atangolipatsa dzina vuto limeneli m'buku lawo la matenda a maganizo mu 1980, zaka ziwiri filimu isanatuluke. Zizindikiro zake ndi zomwe zikuoneka mwa Rambo: kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi kanthu kochepa, kuona zakale ngati zikuchitika lero, kudzipatula. Lumo la kupolisi lija silinali loopsa kwa munthu wina aliyense, koma kwa iye linatsegula khomo la ndende ya ku Vietnam.

Mwamuna amene wagonjetsa apolisi ndi asilikali akukoka dzanja la Trautman n'kubisa mutu wake pa iye ngati mwana kwa bambo wake. Koronele uja poyamba akuuma thupi, osadziwa chochita, popeza anaphunzira kutuma anyamata kukafa koma sanaphunzire kutonthoza amene apulumuka. Pang'onopang'ono akumufungatira. Ndi nthawi yoyamba m'filimu yonse kuti dzanja la munthu likhudze Rambo popanda cholinga chomumenya, kumusecha kapena kumumanga.

Chotsiriza ndi chovala. Rambo analowa m'tauni atavala jekete lachisilikali lokhala ndi mbendera ya America, ndipo mbenderayo sinamuthandize kanthu. Kuphiri anavala chilona chotola. Potuluka mu esikwadra wavala chikhoti cha Trautman. Munthu amene anavulidwa m'nyumba imeneyo akutulukamo atavekedwa. Komabe chikhoticho ndi chachisilikali, ndipo ndi chobwereka. Palibe munthu wa m'tauni amene wabwera ndi bulangeti kapena madzi akumwa. Akudutsa pafupi ndi Teasle amene akumunyamulira ku ambulansi, ndipo pakati pa awiriwa palibe wopambana. Filimu yachiwiri ikuyamba Rambo ali m'ndende akuswa miyala.

MATHERO AMENE ANAKANIDWA

M'buku la a Morrell nkhani ikutha mwina. Rambo wa m'bukumo akupha anthu ambiri, Teasle akufa, ndipo Trautman mwini akuwombera Rambo n'kumupha. Opanga filimu anajambulanso mathero ena m'mene Rambo akufera mu esikwadra momwemo ndi mfuti ya Trautman, koma anthu amene anaonetsedwa moyesa sanawakonde, ndipo anawachotsa. Kirk Douglas, amene poyamba anasankhidwa kukhala Trautman, anasiya ntchitoyo chifukwa chosagwirizana pa kalembedwe ka nkhaniyo, iye akufuna kuti Rambo afe ngati m'buku.

Alipo amene amati Rambo anamusiya wamoyo chifukwa cha ndalama, ndipo n'zoona kuti pambuyo pake panatuluka mafilimu ena anayi, mu 1985, 1988, 2008 ndi 2019. Koma mathero a imfa akananena kuti msilikali wovulala m'maganizo ali ngati galu wachiwewe, mankhwala ake ndi chipolopolo. Mathero amene anatsala akusiya mlandu m'manja mwa amoyo: munthu uyu akadalipo, achita naye chiyani a kwawo? Patangopita masabata atatu filimu itatuluka, pa 13 Novembala 1982, mu mzinda wa Washington anatsegula khoma lachikumbutso limene lero lili ndi maina oposa 58,000 a asilikali a ku America amene anafa kapena kusowa ku Vietnam. Dziko lija linali litayamba kumene kuyang'ana ana ake amene linkawazemba.

Chodabwitsa china n'chakuti ku Brazil filimuyi anaipatsa dzina lakuti Programado para Matar, ngati kuti Rambo ndi makina ophera anthu. Koma wowerenga bwino adzapeza kuti munthu amene akuoneka akufa m'filimu yonseyi ndi mmodzi yekha, wapolisi Galt, amene anagwa mu helikopita pamene ankafuna kuwombera Rambo. Apolisi ena amene anamutsata kunkhalango anawavulaza n'kuwasiya amoyo, ndipo Teasle anamuika mpeni pakhosi namuchenjeza kuti azisiye. Dzina lenileni la filimu likunena za magazi oyamba, ndipo Rambo akuuza Trautman pa wailesi kuti amene anayamba kukhetsa magazi si iye.

Awerengi a tsamba lino safunika kuuzidwa kuti munthu wochokera ku nkhondo amaoneka bwanji. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida pansi pa ONUMOZ, ambiri a iwo mu 1994, napatsidwa zovala wamba, makasu, mbewu ndi ulendo wopita kwawo. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. M'madera ambiri a dziko lino mabanja anasambitsa ana awo ndi mankhwala, ena anatentha zovala za kunkhondo, ena anapita nawo kutchalitchi, asanawalowetse m'nyumba. Njira zinali zosiyana, koma zonse zinkanena chinthu chimodzi, kuti munthu sabwerera ku nkhondo yekha, amachita kulandiridwa. Ndicho chimene tauni ya Hope inalephera, ndipo inalipira ndi moto.

Komabe kusamba kwa tsiku limodzi sikuchotsa zonse. Papita zaka zoposa 30, ndipo m'midzi yambiri mukadali madala amene amadzuka usiku akukuwa, amene sakhala pansi akamva kuphulika kwa tayala, amene amamwa kachasu kuti agone. Ana amawaseka, akuluakulu amati ndi amisala. Pajatu akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu wotere safuna zambiri kuposa zimene Rambo anafuna: chakudya, ntchito, ndi wina woti amumvere mpaka atamaliza kulankhula. Ngati kusowa tulo ndi kukuwa kwa usiku kukupitirira, achibale ampititse kuchipatala, popeza ndi matenda odziwika ndipo ali ndi chithandizo.

Tsono mnyamata amene ali ndi filimu imeneyi m'foni mwake, ulendo uno asaizimitse mfuti zikaleka kulira. Aonere mpaka Rambo atatuluka pakhomo la esikwadra, ayang'ane nkhope yake ndi chimene wavala, ndipo ngati pali womva Chingerezi pafupi, awamasulire anzake nkhani ya kabokosi ka nsapato kaja.